Ndani Pakhomo Panu Amene Saona Dzuwa?

Amayi anzanga, sabata ino ndabwera ndi funso limene mwina likuseketsani poyamba: kodi pakhomo panu pali munthu amene saona dzuwa? Ndikudziwa kuti ena muyankha msangamsanga kuti, "Mayi, kwathu kuno dzuwa ndi lochita kulithawa, ndani angalisowe?" Mwanena zoona. Koma ndikupempheni kuti muyambe mwawerenga anthu a m'nyumba mwanu mmodzimmodzi, kuyambira khanda la kumsana kufikira agogo amene agona kuchipinda, ndipo pa aliyense mudzifunse kuti dzuwa linamukhudza liti pakhungu. Mukatero, ndikhulupirira kuti ambiri a inu mupeza mmodzi kapena awiri amene atha masabata osaliona.

Chimene ndafunsira ndi ichi. Pali chakudya china cha thupi chimene a zaumoyo amachitcha vitamini D. Mavitamini ambiri timawapeza m'mbale, koma uyu thupi limadzipangira lokha. Kuwala kwa dzuwa kukagunda khungu, mafuta ena a m'khungumo amasanduka vitamini D. Magazi amamutengera kuchiwindi, kumene amasinthidwa koyamba, kenaka ku impso, kumene amamalizidwa kuti ayambe ntchito. Ntchito yake yaikulu ndi kutsegula njira m'matumbo kuti kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano, alowe m'magazi. Tinene kuti kashiamu ndi njerwa, ndipo vitamini D ndiye wotuta njerwazo kuzifikitsa pamene akumanga. Wotutayo akasowa, munthu akhoza kumwa mkaka ndi kudya matemba tsiku ndi tsiku, koma kashiamu wambiri angodutsa m'mimba nkutayika.

Mwana akasowa vitamini ameneyu mafupa ake amakula ali ofewa ngati nsungwi yanthete. Akayamba kuimirira, miyendo imalephera kusenza thupi ndipo imapindika. Ndiwo matewe amene tonse tinawaonapo. Koma mayi watcheru sayang'ana miyendo yokha. Mfundo zimene zili polumikizira dzanja ndi mkono zimatupa. M'nthiti mumatuluka timibulu tondandalika ngati mikanda. Mano amachedwa kumera, mwana amachedwa kukhala ndi kuyenda, ndipo liwombo, limene mwa ana ambiri limakhala litatseka pofika chaka chimodzi ndi theka, limakhalabe lotseguka. Khanda losowa kwambiri likhoza ngakhale kukomoka ndi kuphupha ngati la khunyu. Ndifulumire kunena kuti ana ambiri ongoyamba kuyenda amakhala ndi miyendo yokhota pang'ono, ndipo imaongoka yokha pofika zaka ziwiri kapena zitatu. Chodetsa nkhawa ndi kukhota kumene kukunkabe patsogolo, kapena kumene kwadza pamodzi ndi zizindikiro zinazi.

Ife amayi nkhaniyi itikhudza kawiri. Mwana wamkazi amene mafupa ake anafewa ali wamng'ono akhoza kukula ndi mafupa a m'chiuno opanikizika, ndipo vuto limene linayamba asanadziwe kuyankhula lidzamupeza patapita zaka makumi awiri, pa nthawi yake yochira, njira ya mwana itachepa. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nafenso akuluakulu sitipulumuka. Mafupa a munthu wamkulu sapindika msanga, koma amafewa ndi kuwawa. Munthu amamva ululu wosatha m'chiuno, kumsana ndi m'ntchafu, amalephera kudzuka pamphasa popanda kugwira khoma, ndipo amayenda mopendamira uku ndi uku. Kangati tamva mayi akuti ndi nyamakazi, kapena kuti ndi mphotho ya kubereka ana ambiri, nangopirira? Nthawi zina kumakhaladi choncho, koma nthawi zina ndi nthenda yochizika ndi timapiritsi tochepa. Kwa okalamba, mafupa ofooka ndi minofu yolefuka zimabala kugwa, ndipo agogo othyoka fupa la m'chiuno ambiri sayendanso monga kale.

Amene anayamba kuzindikira chinsinsi chimenechi ndi anzathu a ku Ulaya, ndipo anachiphunzira movutikira. M'zaka za m'ma 1800, m'mizinda ya mafakitale monga London ndi Glasgow, utsi wa malasha unkaphimba thambo ndipo ana a anthu osauka ankakulira m'tinjira tamdima pakati pa nyumba zazitali. Matewe anachuluka kotero kuti maiko ena anayamba kuwatcha nthenda ya Angerezi. M'chaka cha 1890 dokotala wina amene anagwirapo ntchito ya umishoni ku Japan, dzina lake Theobald Palm, analemba kuti ana a m'maiko a dzuwa lambiri, ngakhale anali osauka, sankadwala nthendayi kawirikawiri, ndipo anati kusiyana kwake ndi dzuwa. Mu 1919 Edward Mellanby ku England anachiza tiagalu ta matewe potimwetsa mafuta a chiwindi cha nsomba, ndipo chaka chomwecho Kurt Huldschinsky ku Berlin anachiza ana powaunika ndi nyali zotulutsa kuwala konga kwa dzuwa. Mu 1922 Elmer McCollum wa ku America anasonyeza kuti m'mafuta a nsombawo muli chinthu chapadera, ndicho chimene chinatchedwa vitamini D. Njira ziwirizi, ya dzuwa ndi ya chakudya, zinapezeka kuti zikulowa m'mudzi umodzi.

Tsono wina angati zimenezo nza kumaiko ozizira, ife sizitikhudza. Ndikadakondwa zikadakhala choncho. Koma mu 2020 akatswiri otsogozedwa ndi Reagan Mogire wa ku Kenya anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko ambiri a mu Africa muno, napeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vitamini D wochepera muyeso umene madokotala ambiri amati ngwokwanira. Opereweredwa kwambiri anali makanda obadwa kumene, amayi, anthu okhala m'matauni, ndiponso a kumpoto kwa Africa ndi a ku South Africa. Dzuwa likadali pamene linali. Chimene chasintha ndi makhalidwe athu.

Mayi wa kumudzi amene amalima, kutunga madzi, kuyanika mphale ndi kupita kuchigayo, mikono ndi nkhope zili padzuwa, kawirikawiri alibe chodandaula. Khungu lake limamugwirira ntchito iye osadziwa. Ngakhale m'masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, pamene dzuwa limabisala masiku angapo, thupi limadya zimene linasunga. Koma taganizani za mnzathu wa m'tauni amene amatuluka m'nyumba kusanache, nakwera minibasi, natha tsiku lonse mu ofesi kapena m'sitolo, nabwerera dzuwa litalowa. Akhoza kunena kuti amakhala pafupi ndi zenera, koma galasi limatchinga mtundu wa kuwala umene umapanga vitamini D. Kutentha kumadutsa, chimene mafupa afuna chimatsalira kunja. Taganizaninso za ogwira ntchito usiku amene masana amagona, ndi za atsikana athu amene amathawa dzuwa ndi maambulera kuopa kuda. Khungu lakuda ndi mphatso, pakuti limatiteteza kuti dzuwa lisatiotche, koma chifukwa cha chitetezo chomwecho limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuposa khungu loyera. Amayi amene mwambo kapena chipembedzo chawo chimafuna kuti afunde thupi lonse potuluka sayenera kutaya mwambo wawo. M'kati mwa mpanda wa pakhomo muli dzuwa lomwelo.

Khanda nalo lili m'gulu lomweli. Mkaka wa m'mawere ulibe unzake, ndipo mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba monga amatiphunzitsira kusikelo. Koma mkakawo uli ndi vitamini D wochepa, makamaka ngati mayi mwiniyo ngwopereweredwa. Mwana amabadwa ndi kankhokwe kamene anatapa kwa amake ali m'mimba, choncho mayi woyembekezera amene anabindikira m'nyumba amabereka mwana wa nkhokwe yopepuka. Apa tichenjere: khanda losakwana miyezi 6 siliyenera kugonekedwa padzuwa lamphamvu, pakuti khungu lake nlanthete. Nchifukwa chake mu 2016 akatswiri a matenda a ana ochokera m'maiko ambiri anagwirizana kuti njira yabwino ndi yopatsa mwana timadontho ta vitamini D m'chaka chake choyamba. Ngati inu ndi khanda lanu simutulukatuluka, kapena mwanayo anabadwa masiku asanakwane, funsani anamwino za timadonthoti. Dziwaninso kuti kambulu kamene amafinyira ana m'kamwa kusikelo nka vitamini A, yemwenso amathira mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Ameneyo amateteza maso. Si uyu wa mafupa.

Amene amandimvetsa chisoni koposa ndi okalamba. Khungu la munthu wokalamba silipanganso vitamini D wambiri monga la mtsikana, ndipo ndi iwo omwe amene amasungidwa kuchipinda, ana awo akuyesa kuti ndiko kuwasamala. Apongozi anga aakazi atafooka miyendo tinawatenga kudzakhala nafe, ndipo panalibe chimene ankachikonda ngati kuwayalira mkeka pabwalo dzuwa likakwera. Ankapinda nsalu kufika m'maondo, lichero la nyemba lili pamiyendo, adzukulu akuwazungulira, ndipo akamva kutentha ankasunthira patsinde pa mango. Sindinganene kuti dzuwa linawabwezera utsikana, koma ankadya bwino, ankagona bwino, ndipo odutsa m'njira ankapatuka kudzawapatsa moni. Makolo athu pokonda kuothera dzuwa sankadziwa dzina la vitamini, koma ankadziwa chimene thupi lifuna.

Pali magulu ena awiri oti tiwakumbukire. Oyamba ndi abale athu a khungu lachialubino. Kwa iwo dzuwa ndi mdani, pakuti limawaotcha ndi kuyambitsa khansa ya pakhungu. Iwowa asaothere dzuwa ngakhale pang'ono chifukwa cha zimene ndalemba pano. Chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu zikhale patsogolo, vitamini D amupeze m'chakudya ndi m'mapiritsi amene dokotala angawalembere. Achiwiri ndi amene amamwa mankhwala a nthawi yaitali. Ena mwa mankhwala a khunyu, monga phenobarbitone ndi phenytoin, komanso rifampicin wa chifuwa chachikulu, amachititsa chiwindi kuononga vitamini D msanga. Asadumphitse mankhwala awo ngakhale tsiku limodzi. Angofunsa dokotala ngati pakufunika kuonjezerapo kanthu. Odwala impso kapena chiwindi nawonso afunse, popeza ziwalo ziwirizi ndizo zimamaliza ntchito imene khungu linayamba.

Ndipo inu amene muli ndi ana kapena abale ku Britain, imvani izi kuti mukawauze. Kumeneko, kuyambira Okutobala kufikira kumayambiriro kwa Malichi, dzuwa limayenda m'munsi kwambiri mwakuti ngakhale liwale, khungu silipindula nalo. Nchifukwa chake kuyambira 2016 boma la kumeneko limalangiza anthu onse kuti aziganizira zomwa kapiritsi ka vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizirayo, ndipo a khungu lakuda ngati ife chaka chonse. Mwana wa mchemwali wanga, amene amasamalira okalamba kumeneko, anatha chisanu chake chachiwiri akudandaula kutopa ndi kuphwanya kwa mafupa, akuyesa kuti ndi kulemera kwa ntchito. Atamuyeza magazi anapeza vitamini D atatsikiratu. Anamwa mapiritsi monga anamulembera, ndipo patapita miyezi ingapo anatiimbira lamya mawu ali amphamvu. Mwana wokulira padzuwa la kunyanja sanaganizepo kuti dzuwa lingathe ngati mchere m'chitini.

Komabe tisaike mlandu wonse pa dzuwa. Ku Jos, m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa nlochuluka ngati kwathu kuno, madokotala otsogozedwa ndi Tom Thacher anachiza ana a matewe m'njira zosiyana, ndipo mu 1999 anafalitsa zimene anapeza: ana amene anapatsidwa kashiamu, payekha kapena pamodzi ndi vitamini D, anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Chakudya cha anawo chinali cha chimanga ndi mbewu zina, mkaka osauona. Wotuta njerwa analipo, koma njerwazo ndizo panalibe. Phunziro limeneli nlathu, ife amene timalera ana ndi phala la ufa woyera. Sinjani usipa kapena matemba ndi minga yake yomwe, muthire m'phalamo. Mkaka ndi chambiko zikapezeka, mwana asamanidwe. Mawere, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi masamba a chammwamba zonsezi zili ndi kashiamu, ndipo zambiri zimamera kuseri kwa nyumba.

Nanga muyeso wa vitamini D patsiku ngwotani? Pamabotolo amalemba m'njira ziwiri, ndipo nkofunika kuzidziwa kuti wogulitsa asakusokonezeni. Ena amalemba mayikulogalamu, mwachidule mcg. Ena amalemba IU. Mayikulogalamu imodzi ikufanana ndi ma IU 40. Mu 2011 bungwe la Institute of Medicine la ku America linafalitsa muyeso uwu, poganizira munthu amene saona dzuwa kwenikweni: khanda losakwana chaka, ma IU 400, ndiwo mayikulogalamu 10, kuyambira chaka chimodzi kufikira zaka 70, kuphatikizapo amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ma IU 600, ndiwo mayikulogalamu 15, opitirira zaka 70, ma IU 800, ndiwo mayikulogalamu 20. A ku Britain amati mayikulogalamu 10 akwanira ngakhale kwa wamkulu. Kusiyanaku kusakudodometseni, pakuti onse agwirizana pa chimodzi: chofunika nchochepa, koma chosalekeza.

Zakudya zokhala ndi vitamini D nzowerengeka: nsomba zamafuta monga sadini ndi makerele za m'zitini, gawo lachikasu la dzira, chiwindi, bowa woyanikidwa padzuwa, ndi majarini ena amene anathiramo, monga mungaone pa pepala lake. Mwambo uja woletsa mayi wapakati kudya mazira, poti mwana angabadwe wopanda tsitsi, umamumana chakudya chimene iye ndi mwanayo akuchifuna. Koma mayi wapakati yemweyo asamwe mafuta a chiwindi cha nsomba aja ena tinkamwetsedwa tili ana, ndiponso apewe chiwindi, pakuti muli vitamini A wochuluka amene angavulaze mwana m'mimba. Kunena za dzuwa, muyeso wake ndi chithunzithunzi chanu: chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, kuwalako kwafika pa mphamvu yake. Kanthawi kochepa masiku ambiri pa sabata, mikono ndi miyendo ili poyera, nkopambana tsiku limodzi lopsa nalo.

Tifike tsono pa za kuyeza. Kuperewera kwa vitamini D sikuoneka m'zikope kapena m'zikhatho monga timaonera kuchepa kwa magazi. Amatenga magazi a pamkono nkuwatumiza ku labotale, kumene amafufuza uja wosinthidwa kuchiwindi, amene papepala amamulemba 25-hydroxyvitamin D. Zotsatira zikalembedwa mu nmol/L, nambala yochepera 25 kapena 30 ikusonyeza kuperewera kwenikweni kofuna mankhwala, ndipo 50 kapena kuposerapo njokwanira mafupa a anthu ambiri. Malabotale ena amalemba mu ng/mL; pamenepo 20 ndiye 50 uja, pakuti nambala yawo timaichulukitsa ndi 2.5. Yambani mwaona zilembozo musanachite mantha ndi nambala. Kuyezaku sikupezeka pa chipatala chilichonse, ndipo kumadya ndalama. Mwayi wake ngwakuti si aliyense ayenera kuyezedwa. Mu 2024 bungwe la madokotala la Endocrine Society linalangiza kuti anthu athanzi, opanda chizindikiro chilichonse, asamayezedwe mwachizolowezi. Woyenera ndi mwana wa zizindikiro za matewe, wamkulu wa mafupa owawa ndi minofu yofooka, munthu wothyoka fupa pa kugwa kwachabechabe, ndi odwala aja ndatchula. Amene wayamba mankhwala asathamangire kukayezetsanso. Pamafunika miyezi pafupifupi itatu kuti nambala ikhazikike.

Ndikuchenjezeninso za mbali inayo. Masiku ano achuluka ogulitsa mabotolo amene amati vitamini D amachiza nthenda iliyonse, ndipo kuti womwa wambiri ndiye wathanzi koposa. Ku America anthu oposa 25,000 anatsatidwa zaka pafupifupi zisanu pa kafukufuku wotchedwa VITAL, theka akumwa ma IU 2,000 tsiku lililonse, theka akumwa mapiritsi opanda kanthu. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 ndi 2022 zinasonyeza kuti khansa, matenda a mtima ndi kuthyoka kwa mafupa sizinachepe mwa omwawo. Ambiri a iwo sanali opereweredwa poyamba, ndipo mtsuko wodzaza kale supindula pouthira madzi ena. Choopsa nchakuti vitamini D wotsala satayika msanga, amaunjikana m'thupi. Munthu akamwa wochuluka kwa miyezi, kashiamu amasefukira m'magazi, ndipo pamabwera nseru, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kudzimbidwa, mpaka impso kuonongeka. Wamkulu asapitirire ma IU 4,000 patsiku popanda lamulo la dokotala, ndipo malire a ana aang'ono ngochepa koposa. Dzuwa lokha silingakupitiritseni muyeso, chifukwa khungu likapanga wokwanira limaleka lokha.

Amayi anzanga, pakhomo ndife amene timadziwa amene wadya ndi amene wagona ndi njala, amene wasamba ndi amene wathawa madzi. Pa ntchito zathu zambirizo ndikuonjezeranipo imodzi yopanda mtengo. Pomusambitsa mwana, muone miyendo yake, mfundo za m'manja ndi liwombo. Poyanika zovala, muitane agogo adzakhale pabwalo. Inu a mu ofesi, chakudya cha masana mukadyere panja. Mukaona chokayikitsa musayambire kwa wogulitsa mabotolo. Yambirani kusikelo kapena kuchipatala, pakuti safunsa anadya phula. Matewe opezeka msanga amachira, ndipo miyendo ya mwana wamng'ono kawirikawiri imaongoka akalandira chithandizo. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.